Fyuluta ili pamalo pake koma mu telesikopu muli mdima: mavuto a oyamba kuona dzuwa

Munthu akagula telesikopu yake yoyamba amayembekezera kuvutika ndi nyenyezi. Dzuwa saliwerengera n'komwe. Nanga chinthu chowala chonchija, chimene ngakhale mwana amaloza, chingasowe bwanji? Ine tsiku loyamba ndinatha pafupifupi ola lathunthu pabwalo, thukuta lili kamukamu, ndikugwedeza chubu uku ndi uku, koma m'kagalasi munali bii. Pamapeto pake ndinayamba kukayikira fyuluta, chotchinga chochepetsa kuwala kwa dzuwa chimene chimavekedwa kutsogolo kwa chubu. Ndinati mwina ndi yakuda kwambiri, ndingoisuntha pang'ono kuti ndione ngati ndaloza bwino. Dzanja linafika ndithu pa fyulutayo. Chimene chinandiletsa sindichidziwa, koma ndimathokozabe mpaka lero.

Mavuto onse amene ndafotokoza m'munsimu amakankhira munthu kumalo amodzi omwewo: kuchotsa fyuluta, kapena kusuzumira m'mbali mwa chubu ndi diso lopanda chotchinga. Palibe vuto ngakhale limodzi limene limathera pamenepo. Telesikopu imene ndikhale ndikuitchula ndi ija yofala kwa oyamba kumene, ya galasi la mamilimita 70 kutsogolo ndi utali wa fokasi (mtunda wochokera pa galasi kufika pamene kuwala kumaunjikana) wa mamilimita 700, imene pa chubu pake amalemba kuti 70/700. Ngati yanu ndi ya kalilole, ya mtundu wa Newtonian, zambiri n'zofanana, ndipo pamene zasiyana ndinena.

Tiyambe taonana za fyuluta

Galasi la mamilimita 70 limasonkhanitsa kuwala kochuluka kuposa ka 500 poyerekeza ndi kumene kumalowa m'diso masana, kenako n'kukuunjika pakamalo kamodzi. Amene munayatsapo pepala ndi galasi lokulitsira zinthu muli ku pulayimale mukudziwa chimene chimachitika pakamalo kameneko. Choipa n'chakuti kachikopa ka kumbuyo kwa diso, kamene madokotala amati retina, sikamva kupweteka. Munthu amapsa osadziwa, ndipo chibanga chakuda pakati pa zonse zimene akuona chimadzaonekera patapita maola. Diso lilibe sipeya.

Fyuluta yoyenera imakhala kutsogolo kwenikweni kwa chubu, pamene kuwala kumalowera, ndipo imatseka pakamwa ponse. Yodziwika kwambiri ndi pepala lonyezimira la Baader AstroSolar, lolembedwa kuti OD 5.0. Nambalayi ikutanthauza kuti pa kuwala magawo 100,000 limalola gawo limodzi lokha kudutsa. Kampani yomweyo imapanganso lina la OD 3.8, lomwe ndi la ojambula zithunzi okha, osati loonera ndi diso, ndiye powerenga paketi musathamange. Palinso fyuluta za pulasitiki yakuda ndi za galasi, monga za Thousand Oaks Optical, zimene zimaonetsa dzuwa ngati lalanje. Ya Baader imalionetsa loyera. Mtundu usakudetseni nkhawa, zonsezi zimagwira ntchito.

Tsono m'mabokosi a matelesikopu ena otsika mtengo, makamaka akale kapena ogula kwa wina, mumapezeka kagalasi kakuda kakang'ono kolembedwa kuti SUN, kopotokoleredwa kunsi kwa kagalasi koikapo diso, kaja amati eyepiece. Kameneka katayeni lero lomwe, ndipo potaya kaphwanyeni kuti mwana asakatole. Kamakhala pamene kutentha konse kwaunjikana, ndipo kamang'aluka mwadzidzidzi diso lili pomwepo. Kuphethira kwa munthu kumachedwa kuposa kuwala kumene kumadutsa pamng'alupo.

Zina zimene anthu amayesa ndi zomwe timaziona nthawi ya kadamsana: galasi lodetsedwa ndi mwaye wa kandulo, filimu ya ekisileyi, CD, pepala lonyezimira la m'paketi ya mabisiketi, magalasi adzuwa awiri ophatikiza. Zonsezi zimachepetsa kuwala kumene maso amaona koma kutentha kosaoneka kumadutsabe. Galasi la owotcherera zitsulo la nambala 14 n'lovomerezeka poyang'ana dzuwa ndi maso okha, ndipo chimodzimodzi magalasi a kadamsana olembedwa ISO 12312-2. Koma musavale zimenezi n'kuika diso pa telesikopu yopanda fyuluta kutsogolo. Kuwala kounjikidwa kumaboola kapena kuswa zinthu zotere m'kanthawi kochepa.

Musanaveke fyuluta tsiku lililonse, ikwezeni m'manja moyang'anitsa ku babu lowala kwambiri n'kuiyendetsa pang'onopang'ono. Mukufufuza timabowo ndi mikwingwirima. Kabowo kamodzi kapena tiwiri tonga nsonga ya singano mutha kutseka ndi kadontho ka utoto wakuda. Ikang'ambika, kapena timabowo tikachuluka, ntchito yake yatha. Mukaiveka imangeni ndi tepi malo atatu. Mphepo ya mwera sifunsa, ndipo dzanja la mwana wachidwi limafika pamene simukuyembekezera.

Chomaliza, chimene ambiri amaiwala: kachubu kakang'ono kolozera kamene kali pamsana pa telesikopu, finder. Nakonso ndi telesikopu. Kachotseni, kapena katsekeni kutsogolo ndi chivindikiro chomangidwa ndi tepi. Kakatsala kotsegula kamawotcha timizere take tam'kati, ndipo kamatha kukupsereza tsaya kapena tsitsi mutawerama. Ngati kolozera kanu ndi kaja ka kadontho kofiira, masana kalibe ntchito, chifukwa kuti mukagwiritse ntchito muyenera kuyang'ana dzuwa lenilenilo.

Mdima wokhawokha

Ili ndiye vuto limene limabwerera tsiku ndi tsiku mpaka manja atazolowera. Chifukwa chake n'chosavuta. Fyuluta yabwino siionetsa china chilichonse kupatula dzuwa. Mitambo, mtengo, denga la nyumba, zonse zimasanduka mdima. Usiku mukaphonya mwezi mumaona kuwala kwake kukubwera m'mphepete n'kukutsatira. Masana mulibe chokutsogolerani. Komanso dzuwa ndi laling'ono kuposa mmene timaganizira: m'mimba mwake ndi theka la digiri basi, ngati mwezi wathunthu. Nsonga ya kachala kakanise mutatambasula mkono imaliphimba n'kutsalako.

Musanaimbe mlandu china chilichonse, onani zinthu zochititsa manyazi. Chivindikiro cha kutsogolo munachotsa musanaveke fyuluta? Nanga ka pa eyepiece? Ine ndinachitapo zimenezi, kuveka fyuluta pamwamba pa chivindikiro, ndipo pamakhala anthu akudikira pamzere.

Kenako ikani eyepiece ya nambala yaikulu kwambiri imene muli nayo, ya 25 kapena 20. Oyamba ambiri amaganiza kuti nambala yaikulu ndiye mphamvu zambiri, pamene zili mosemphana. Mphamvu yokulitsa mumaipeza pogawa utali wa fokasi ndi nambala ya eyepiece. Pa 700, eyepiece ya 25 imakulitsa ka 28, ya 20 ka 35, ya 10 ka 70, ya 4 ka 175. Pa ka 28 kapena 35 dzuwa lonse limakwana m'kagalasi n'kutsala malo m'mbali. Pa ka 175 kadanga ka thambo kamene mukuona n'kakang'ono kuposa dzuwa lenilenilo, ndiye kulipeza kuli ngati kusaka singano m'mulu wa madeya. Kachubu kotchedwa Barlow, kolembedwa 2x kapena 3x, kabwezereni m'bokosi.

Polozera, fulatirani dzuwa. Zikumveka zachilendo koma ndi momwemo. Yang'anani pansi, pamene pali mthunzi wa telesikopu. Chubu chikaloza kwina mthunzi wake umakhala wautali ngati mtengo wogona. Chiyendetseni kumanzere ndi kumanja mpaka mthunzi ufupike, kenako m'mwamba ndi pansi mpaka ufupikirenso. Pamene mthunzi wa chubu wasanduka wobulungira, waung'ono kwambiri mmene ungathere, ndiye kuti mwaloza dzuwa kapena mwatsala pang'onong'ono. Pa udzu kapena pa fumbi mthunzi suoneka bwino, choncho yalani chikatoni choyera, kapena gwirani pepala kuseri kwa telesikopu ngati mkono umodzi kuchokera pa eyepiece.

Ngati mukadali mu mdima, pali kanzeru kena. Fyuluta ili chimangidwire kutsogolo, chotsani eyepiece n'kuyang'ana m'bowo limene imalowamo, nkhope ili patali pang'ono. Popanda eyepiece malo ooneka amakula, ndipo mudzaona kadontho kowala kakung'anima pakona. Sunthani chubu mpaka kafike pakati, mangani zomangira, bwezerani eyepiece. Pomanga chubu chimatsika pang'ono chifukwa cha kulemera kwake, ndiye muzilozera m'mwamba pang'ono kuposa pamene mukufuna.

Mukatopa ndi kusaka kwa tsiku ndi tsiku, dzipangireni kolozera. Dulani tizidutswa tiwiri ta chikatoni, tipinde kuti tiime, n'kutimata pamsana pa chubu motalikirana ngati chikhatho chimodzi. Kakutsogolo kaboolani ndi msomali. Kuwala kodutsa pabowo kumagwera pa kakumbuyo ngati kadontho. Tsiku limene mwaika dzuwa pakatikati pa eyepiece, lembani mtanda ndi bolopeni pamene pali kadonthopo. Kuyambira pamenepo ntchito ndi kungogwetsera kadontho pamtanda, masekondi khumi basi. Makampani amagulitsa tinthu totere, monga Sol-Searcher ya Tele Vue, koma kachikatoni kanga kandigwirira ntchito mpaka kunyowa ndi mvula.

Lapezeka, koma likuthawa

Mwalipeza, mwaitana mnzanu kuti adzaone, iye akuti palibe kanthu. Palibe chaonongeka. Dziko likuzungulira, ndipo dzuwa limayenda madigiri 15 pa ola kudutsa thambo, kutanthauza kuti pa mphindi ziwiri zokha lasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake. Pa ka 35 muli ndi mphindi zochepa lisanatuluke. Pa ka 175 silitha ndi mphindi imodzi yomwe. Onani mbali imene likutulukira, ndipo muziliika ku mbali inayo kuti lidziyendera lokha kudutsa pakati. Kuyenda komweku kumakuuzaninso kumadzulo kwa dzuwa: m'mphepete mmene mukutsogola ndi kumadzulo, kaya telesikopu yanu yatembenuza chithunzi motani.

Kugwedera ndi nkhani ina. Miyendo itatu ya matelesikopu otsika mtengo ndi yopepuka kwambiri, moti kungokhudza gudumu la fokasi dzuwa limavina. Musatambasule miyendo mpaka kumapeto. Ifupikitseni, inu mukhale pampando. Mangirirani botolo la madzi la malita awiri kapena asanu pakati pa miyendo kuti lilendewere, limbitsani mabawuti onse, ndipo poyang'ana manja akhale pa maondo, osati pa chubu.

Ife a kuno tili ndi mavuto awiri amene timabuku ta m'bokosi sititchula, poti tinalembedwera anthu a ku Ulaya ndi ku America. Loyamba ndi dzuwa la paliwombo. Lilongwe ili pafupi madigiri 14 kum'mwera kwa Equator, ndipo chakumapeto kwa Okutobala komanso chapakati pa Febuluwale dzuwa limadutsa pamutu penipeni masana. Kwa miyezi ingapo kuzungulira nthawi imeneyi, masana chubu chimayenera kuima chilili, kunsi kwake kumagunda miyendo, ndipo choimikira chaja chongoyenda m'mwamba ndi m'mbali chimakanika kutsatira. Musalimbane nacho. Onani m'mawa kapena dzuwa litapendeka.

Lachiwiri ndi la amene ali ndi choimikira cholembedwa EQ, chokhala ndi chitsulo cholemera kumbali. Kabuku kamati mulozetse ku nyenyezi ya Polaris. Nyenyeziyo kuno siioneka, ndipo masana n'kale. Mutu wa choimikira uloze kum'mwera, ndipo muupendeketse mofanana ndi malo amene muli: pafupi 14 ku Lilongwe, 16 ku Blantyre, pakati pa 11 ndi 12 ku Mzuzu, 15 ku Lusaka. Kampasi ya mu foni ndi yokwanira. Mukatero kagudumu kamodzi kokha kamatsatira dzuwa. Ngati pali kamota, kali ndi kabatani ka N ndi S. Kakakhala pa N dzuwa limathawa mwaliwiro kuposa mmene likanathawira kamotako katazimitsidwa.

Chimbale chambuu, chosaoneka bwino

Apa m'pamene anthu ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti anawagulitsa chidole. Nthawi zina n'zoona, koma zifukwa zina zinayi zimayamba zabwera.

Fokasi ndiye yoyamba. Pakati pa dzuwa palibe chogwira diso, ndiye musakonzere pamenepo. Ikani m'mphepete mwa dzuwa pakati pa kagalasi n'kupotokola gudumu pang'onopang'ono mpaka malire a kuwala ndi mdima akhale akuthwa ngati odulidwa ndi lezala. Pitirirani dala, bwererani, pitiriraninso, mpaka mudziwe pakati pake. Ngati gudumu lafika kumapeto chithunzi chisanayere, kawirikawiri ndiye kuti mwaiwala kachigongono ka kalilole, diagonal, kamene pa matelesikopu ambiri a galasi kamafunika kuti mtunda ukwane. Njira yachidule ndi kukonzeratu fokasi usiku pa mwezi n'kulemba kachizindikiro pa chubu cha fokasi, chifukwa mwezi ndi dzuwa zimayerera pamalo amodzi.

Chachiwiri ndi umbombo wa mphamvu. Pa mabokosi ena amalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti 525x. Nambalayi ndi masamu chabe: 700 kugawa ndi 4, kuchulukitsa ndi 3 wa Barlow. Galasi la mamilimita 70 limalekera pafupi ka 140 usiku wabata, ndipo masana mpweya sulola kufika ngakhale pamenepo. Ine dzuwa ndimalionera pakati pa ka 28 ndi ka 70. Banga laling'ono lakuthwa limaonetsa zambiri kuposa chibanga chachikulu chosungunuka.

Chachitatu, chomwe ndi chachikulu pa zonse, ndi mpweya. Munaonapo mmene pamwamba pa msewu wa tala pamachitira ngati pakuwira mu Okutobala? Telesikopu imakulitsa kuwira kumeneko pamodzi ndi dzuwa. M'mphepete mwa dzuwa mukamayenda timafunde, vuto si galasi lanu. Onani pansi pa mzere umene telesikopu yaloza. Ngati ukudutsa pamwamba pa denga la malata, khonde la simenti, mpanda wa njerwa kapena galimoto yoimikidwa padzuwa, samukani. Pa kapinga ndi pabwino, ndipo pamene kuwala kukudutsa pamwamba pa madzi ndi pabwino koposa, choncho amene muli kunyanja muli ndi mwayi. Nthawi yabwino ndi m'mawa, ola limodzi kapena awiri dzuwa litatuluka, litakwera ndithu koma nthaka isanatenthe. Musaonere m'nyumba kudzera pa windo, lotseka ngakhale lotsegula, chifukwa mpweya wa m'kati ndi wa kunja umalimbirana pomwepo.

Ngakhale tsiku loipa, mpweya umadekha kwa kamphindi. Khalani diso lili pa kagalasi mphindi zisanu kapena khumi, osati kungosuzumira n'kuchoka. Mwadzidzidzi zonse zimaima nji kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, banga limaonetsa timizere take, kenako kuwira kumayambiranso. Akuluakulu ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha ankanena zomwezi. Utsi wa moto wa tchire mu Sepitembala ndi Okutobala umachepetsa kuwala ndi kuzimiritsa tinthu ting'onoting'ono, koma chodabwitsa n'chakuti thambo la utsi pang'ono nthawi zina limakhala lodekha kuposa thambo loyera la mphepo. Masiku a chiperoni ingopumulani.

Chachinayi ndi kuwala kolowera m'mbali. Diso lanu lili padzuwa, nkhope yanu ikuonekera m'kagalasi, ndiye chithunzi chimaoneka chotuwa. Boolani chikatoni chachikulu n'kuchiveka pa chubu ngati kolala kuti chikupatseni mthunzi, kapena fundani chitenje chakuda kumutu monga ankachitira ojambula zithunzi akale. Muoneka ngati wodwala mutu, koma kusiyana kwake mudzadabwa. Pa Newtonian kuwala kumaloweranso kumbuyo, m'mbali mwa kalilole wamkulu, makamaka kochokera pansi powala. Phimbaniko ndi nsalu yakuda.

Ngati fyuluta munapanga nokha kuchokera ku pepala la Baader, lija la kukula ngati A4, funsani mafunso awiri. Mapepala otetezera amene linabwera nawo munachotsa onse? Nanga simunalikoke ngati chikopa cha ng'oma? Ambiri amafuna kuti lioneke losalala, koma kulikoka kumaononga chithunzi. Lizikhala lomasuka pakati pa mikombero iwiri ya chikatoni. Timakwinya tochepa tilibe vuto.

Layera bwino, koma palibe kanthu

Mwina palibedi. Mawanga a padzuwa amachuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 11, zimene Heinrich Schwabe wa ku Germany anazilengeza mu 1843 atajambula dzuwa zaka zambiri. Mu 2019 panali masiku opitirira 250 amene dzuwa linalibe banga ngakhale limodzi. Nyengo ya mawanga imene tilimo, ya nambala 25, inayamba mu Disembala chaka chomwecho, ndipo mu Okutobala 2024 mabungwe a boma la America a NASA ndi NOAA analengeza kuti dzuwa lafika pachimake. Mu Meyi 2024 gulu la mawanga lotchedwa AR3664 linakula moti anthu ankaliona ndi magalasi a kadamsana okha. Kuchoka pachimake mawanga amanka nachepa chaka ndi chaka. Choncho musanatulutse telesikopu, onani pa intaneti chithunzi cha tsikulo chochokera ku chombo cha m'mlengalenga cha SDO, chimene chakhala chikujambula dzuwa kuyambira 2010. Mukadziwa kuti banga lilipo ndi pamene lili, diso limalipeza msanga. Kumbukirani kuti diagonal imatembenuza kumanzere ndi kumanja ngati kalilole, pamene Newtonian imazondotsa chithunzi.

Mwina mukuona madontho, koma mukukayika. Zungulitsani eyepiece m'malo mwake. Dontho likazungulira nayo, ndi fumbi. Gogodani chubu pang'ono: banga lenileni limagwedera pamodzi ndi dzuwa, fumbi limatsala pomwepo. Tinthu tonga ulusi timene timayandama mukasuntha diso ndi ta m'diso mwanu, ndipo timachuluka mukakulitsa kwambiri.

Banga lenileni lili ndi pakati pakuda bii ndi mkombero wotuwa. Sikuti n'lozizira. Pamwamba pa dzuwa pamatentha pafupi madigiri 5,500, pamene pakati pa banga ndi cha m'ma 3,500 mpaka 4,000, ndipo limaoneka lakuda chifukwa cha kuwala kwa zolizungulira. Dziko lathu likhoza kundandalikidwa ka 109 m'mimba mwa dzuwa, ndiye kadontho kamene mukukapeputsako mwina n'kofanana ndi dziko lonse. Jambulani mkombero pa pepala, ikani mawanga ndi pensulo, mawa muchitenso. Mudzaona akusuntha, chifukwa dzuwa nalo limazungulira, ndipo banga limatenga pafupi masabata awiri kuchoka m'mphepete mwina kufika mwina. Ndi kuyenda kwa mawanga komweku kumene Galileo anatsutsira mu 1613 anthu onena kuti ndi timaiko todutsa kutsogolo kwa dzuwa.

Ngakhale tsiku lopanda banga pali choona. M'mphepete mwa dzuwa ndi moderako kuposa pakati, ndipo m'moderamo mumapezeka timabala towala, faculae.

Chimene simudzaona ndi malawi ofiira otumphuka m'mphepete aja amaoneka pa zithunzi. Fyuluta yanu ilibe vuto, kungoti malawiwo amafuna telesikopu yapadera yolola mtundu umodzi wokha wa kuwala kofiira, H-alpha, monga Coronado PST kapena za Lunt, ndipo mtengo wake ndi wa matelesikopu angapo onga yanu. Chenjerani ndi tigalasi totsika mtengo tolembedwanso H-alpha. Timeneto ndi tojambulira thambo usiku, ndipo padzuwa n'toopsa ngati kaja ka SUN.

Ngati fyuluta sinafike

Fyuluta zotere sizipezeka m'sitolo wamba, ndipo kuitanitsa kunja kumatenga nthawi. Podikira pali njira yakale, imene Benedetto Castelli, wophunzira wa Galileo, anaonetsa mphunzitsi wake: kugwetsera chithunzi cha dzuwa pa pepala, osaika diso konse. Lozani ndi mthunzi monga tanena, gwirani pepala loyera masentimita 30 kuseri kwa eyepiece, konzani fokasi mukuyang'ana papepala. Pa ka 35 mupeza chimbale cha masentimita pafupi 10, ndipo mawanga amaoneka bwino, makamaka pepala likakhala m'kati mwa katoni kapena pamthunzi wa kolala ija. Anthu asanu amaonera pamodzi.

Ndimainena mosamala chifukwa apa kutentha konse kukudutsa m'chubu. Matelesikopu a masiku ano ali ndi pulasitiki yambiri m'kati. Dzuwa likasuntha pang'ono, kuwala kounjikidwa kumagwera m'mbali mwa eyepiece n'kuisungunula. Mukamva fungo la pulasitiki kapena kuona kautsi, tembenuzani chubu nthawi yomweyo. Eyepiece zoyenera ndi zosavuta zija zolembedwa H kapena R, zachitsulo, chifukwa magalasi ake sanamatidwe ndi guluu. Chepetsani pakamwa pa chubu kufika mamilimita 40 kapena 50. Zivindikiro zambiri zili ndi kabowo kotsegula ka ntchito yotere. Onerani mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako pumitsani. Matelesikopu afupiafupi otsekedwa ndi galasi kutsogolo, a Maksutov ndi Schmidt-Cassegrain, musawayese n'komwe njira imeneyi, amaonongeka m'kati.

Ndipo pali ana. Mwana akaona kagalasi amafuna kuikapo diso, n'chibadwa. Pa njira iyi munthu wamkulu mmodzi asakhale ndi ntchito ina koma kulondera eyepiece. Foni ikalira, tembenuzani chubu kaye.

Foni, kadamsana ndi kulongedza

Kujambula ndi foni pa eyepiece kumatulutsa chimbale choyera mbee chopanda kanthu chifukwa foni imaona mdima wozungulira n'kuwonjezera kuwala. Dinani pa dzuwa pa sikirini, tsitsani kuwala mpaka m'mphepete moderako muoneke, ndipo mawanga atulukira. Kujambula kanema wa masekondi angapo n'kusankhamo chithunzi chimodzi chakuthwa kumaposa kudina kakhumi.

Pa kadamsana wosakwanira malamulo ndi omwewa, fyuluta siichoka ngakhale dzuwa litatsala ngati chikhadabo. Amene anali ku Lusaka pa 21 Juni 2001 anaona wathunthu, ndipo wina wathunthu adzadutsa Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho pa 25 Novembala 2030. Pa 13 Novembala 2032 Mercury, dziko loyandikana kwambiri ndi dzuwa, adzadutsa kutsogolo kwa dzuwa ngati kadontho kobulungira kakuda kopanda mkombero wotuwa, ndipo 70/700 ndi yokwanira kumuona. Masiku otere pabwalo pamadzaza anthu, ndiye si tsiku lophunzirira kusaka dzuwa ndi mthunzi.

Ngozi zambiri zimachitika pomaliza, munthu atatopa ndipo akuganiza za madzi akumwa. Polongedza, yambani mwatembenuza chubu kuti chifulatire dzuwa ndi kuloza pansi. Kenako masulani tepi, chotsani fyuluta, vindikirani. Poyamba mawa mudzachite mobwerera: chubu chiloze kwina, finder itsekedwe, fyuluta imangidwe, ndiye mutembenukire kudzuwa. Fyuluta isungeni m'kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, yoti pepala lisakhudze pansi, kutali ndi makiyi ndi mphemvu. Fumbi likagwerapo musalipukute ndi nsalu kapena chala. Liuzireni ndi kapampu ka labala kaja amayeretsera makamera, ndipo lotsalalo lisiyeni, silioneka mu eyepiece.